Kuseri kwa Khadi la Mayi Sikelo

Pamalo ofufuzira za nthaka ndi mbewu aja panali munthu mmodzi amene sanafufuzepo kanthu chibadwire, koma ofufuza onse ankadya za m'manja mwake. Anthu ankangoti a Laibulale, ngati kuti iwo ndi chipinda chawocho anabadwa tsiku limodzi. Anali bambo wamfupi, wa dazi lonyezimira, wovala juzi yotuwa ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo kuseri kwa khutu lawo sikunkasowa pensulo. Analowa ntchito yopukuta fumbi m'mashelefu tsitsi lili lonse, n'kukwera pang'onopang'ono mpaka kukhala mwini makiyi. Pamene nkhani ino ikuyamba n'kuti atatha zaka makumi atatu ndi chimodzi m'chipinda chomwecho, kumapeto kwa khonde lalitali, moyandikana ndi chipinda cha misonkhano. Munali mashelefu achitsulo, tebulo lotsimphina mwendo umodzi, ndi makina a fotokope amene ankabuula asanayambe ntchito.

Ntchito yawo yeniyeni sinali yodinda mabuku ayi. Mapepala a kafukufuku amatuluka ngati madzi osefukira: sabata iliyonse mazanamazana, ndipo palibe munthu wa mutu umodzi amene angawawerenge onse n'kupezanso nthawi yolowa mu labotale. Tsono ofufuza a pamalopo ankagwira ntchito m'magulu, gulu la nthaka, gulu la tizirombo, gulu la ulimi wothirira, gulu la mbewu, ndipo a Laibulale ndiwo ankasankhira gulu lililonse zoti liwerenge. Lachisanu masana ankaika foda m'kabokosi ka gulu lililonse. Lolemba m'mawa gulu linkakumana, makapu a tiyi ali m'manja, n'kukambirana zimene zili mufodamo. Lamulo lake linali lakale kuposa onse ogwira ntchito pamenepo: chilichonse chimene chalowa mufoda, aliyense achiwerenge.

Kusankhira munthu mmodzi n'kosavuta, ngakhale mlonda wa pageti angathe. Koma kusankhira anthu asanu ndi mmodzi kuli ngati wailesi imodzi m'nyumba ya banja lalikulu: uyu akufuna mpira, uyu nyimbo zauzimu, ndipo pamapeto pake amapambana ndi amene anagula mabatire.

A Laibulale anali ndi njira yawoyawo. M'kabati ya tebulo lawo munkakhala bokosi la nsapato, la nsapato zomwe anavala paukwati wawo, ndipo m'bokosimo munali makhadi, munthu aliyense lakelake. Kutsogolo kwa khadi ankalemba ndi inki zimene munthuyo ananena ndi pakamwa pake kuti amakonda kuwerenga. Kuseri ankalemba ndi pensulo zimene iwo anaona ndi maso: magazini imene munthu waima nayo nthawi yaitali, tsamba limene wapinda pangodya, pepala limene wachita fotokope akuyang'ana uku ndi uku ngati akuba nkhuku.

"Pakamwa pamanena zoti bwana amve," ankatero, "koma chala chimaima pa tsamba limene mtima ukufuna."

Ndiye mufoda iliyonse ankaikamo mapepala anayi okhudza ntchito ya gulu lonse, osankhidwa mwa kuyala makhadi onse patebulo n'kuona pamene zofuna za anthuwo zikukumana. Pansi penipeni ankaikapo lina limodzi. Limenelo linali la munthu mmodzi yekha, lochokera kuseri kwa khadi lake, ndipo ankasinthasintha, sabata ino uyu, sabata yamawa uja, osauza aliyense kuti n'la yani. Ankalitcha pepala lapansi. Mwa njira imeneyi nkhani ya munthu wamanyazi inkafika patebulo la msonkhano mwiniwake osakweza dzanja.

Mwa makhadi onse, limene linadetsedwa kwambiri ndi pensulo linali la Mayi Sikelo a m'gulu la nthaka. Dzinalo analipeza chifukwa tsiku lonse ankakhala pa sikelo, kuyeza dothi m'timbale tating'ono, ndipo sankalakwitsa ngakhale kanjere. Anali mayi wamtali, wolankhula motsitsa mawu, amene akalowa m'chipinda unkazindikira ataima kale pambali pako. Mkulu wa gulu lawo anali a Pulofesa, bambo wa mawu ngati mabingu ndi mtima wabwino zedi, amene moyo wawo wonse unali pa feteleza. A Pulofesa sankaopseza munthu. Vuto lawo linali limodzi: akamafunsa kuti, "Pali wina amene ali ndi maganizo osiyana?" n'kuti akutseka kale fayilo ndipo dzanja lina lili pa chipewa.

Kutsogolo kwa khadi la Mayi Sikelo kunalembedwa kuti feteleza. Kuseri kunali liwu limodzi lobwerezedwa kwa zaka khumi ndi ziwiri, lililonse ndi deti lake: chiswe, chiswe, dothi la pachulu, chiswe. Pakatha masabata asanu ndi limodzi, pepala lapansi la gulu la nthaka linkakhala la chiswe. Lolemba a Pulofesa ankalinyamula ndi zala ziwiri n'kunena kuti, "A Laibulale akalamba, chiswe chawalowa m'mutu!" Onse ankaseka, koma lamulo ndi lamulo, ankalikambirana kwa mphindi khumi. M'mphindi zimenezo Mayi Sikelo ankaponyapo mawu awiri kapena atatu, maso ali pa kapu, ngati nkhaniyo si yawo. Lachiwiri akamadutsa pakhomo la laibulale ankaima pang'ono, moni wawo n'kutalikirapo. Kuthokoza kwake kunali komweko, ndipo a Laibulale ankakhuta nako mpaka sabata yonse.

Mwezi woti a Laibulale apume pantchito utakwana, akuluakulu anabweretsa pulogalamu ya pakompyuta yoti izisankhira magulu mapepala. Musaganize kuti a Laibulale anapsa mtima. Ankadziwa kuti maso awo atopa, ndipo mayi wa makompyuta amene ankaikonza anali munthu waulemu, wofunsa asanagwire chinthu. Aliyense anapatsidwa fomu yoti alembe zimene amakonda, ndipo makinawo ankaphatikiza mafomu a gulu lonse n'kusankha.

Tsiku lina mayi wa makompyutayo anabwera ndi mafomu a gulu la nthaka n'kuwayala patebulo lotsimphina lija.

"Bambo, taonani izi. Anthu asanu ndi mmodzi, mizere itatu yofanana, ndondomeko yakenso yofanana. Kodi ndi ana a mayi mmodzi?"

A Laibulale anangoyang'ana kamodzi n'kudziwa zimene zinachitika. A Pulofesa anadzaza fomu yawo poyamba n'kuisiya pafupi ndi ketulo ya tiyi, ndipo aliyense wobwera kudzathira madzi anakopera. Palibe amene anawatuma. Unali ulemu chabe, ulemu wa mtundu umene umapha munthu akumwetulira.

"Makinawa sanama," anatero mayiyo, "koma mukawapatsa bodza amalisunga bwino kwambiri. Mungandibwereke makhadi anu aja ndiwalowetsemo?"

Anamupatsa bokosi. Mayiyo atatembenuza khadi limodzi n'kuona za pensulo, a Laibulale analilanda msanga ngati latentha.

"Zakutsogolo lowetsani. Zakuserizo ayi."

"Koma zenizeni zili kuseriko, bambo."

"N'chifukwa chake. Zimenezo sanandipatse, ndinachita kuba ndi maso. Mukazilowetsa, mkulu wa gulu aliyense aziona. Sindingayanike zovala zamkati za anthu pabwalo."

Apa ndi pamene a Laibulale anagwira njakata. Lolemba lomaliza la mwezi womwewo gulu la nthaka linkayenera kusankha kafukufuku wa zaka zisanu zikubwerazo. Mafomu onse ankati feteleza. Iwo akachoka, pepala lapansi lichoka nawo, mphindi khumi zija zitha, ndipo Mayi Sikelo adzayeza dothi la feteleza mpaka imvi, popanda wodziwa kuti anali ndi funso lawolawo.

Loweruka masana a Laibulale anayamba kudandaulira akazi awo. Mayi a kunyumbawo anali telala, ankasokera pabalaza pafupi ndi zenera, ndipo ankamvetsera mapini ali pakamwa, phazi likupalasa makina. Anawalola kulankhula mpaka mawu atatha, kenako anachotsa mapini aja imodziimodzi.

"Inu abambo, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma inu zaka makumi atatu mwaima pakhomo kutsegulira anthu asanadzuke n'komwe. Aphunzira liti kugwira chogwirira?"

"Ine ndimawathandiza."

"Mumawathandiza kukhala chete. Ndipo ndani anakuuzani kuti maso anuwo salakwa? Tatsegulani kabati iyo."

A Laibulale anatsegula kabati ya zovala. Munali madiresi obiriwira, mipango yobiriwira, ngakhale ambulera yobiriwira, zonse mphatso zochokera kwa iwo.

"Mukukumbukira tsiku lija m'sitolo, mwana wathu woyamba ali kumsana, nditagwira nsalu yobiriwira nthawi yaitali?"

"Ndikukumbukira bwino. Ndinaona kuti mwaikonda."

"Ndinkadabwa kuti ndani angavale chinthu chonyansa chotero."

A Laibulale anatembenuka, chitseko cha kabati chili m'manja.

"Nanga bwanji simunanene, zaka zonsezi?"

"Munafunsa? Munkabwera nazo nkhope ikuwala ngati mwana amene wakhoza mayeso. Ndikanayambira pati?" Anabwezera mapini pakamwa n'kupitiriza kupalasa makina.

Mawu amenewo anawalasa a Laibulale, ndipo Lamulungu lonse anayenda m'nyumbamo ngati mlendo. Lachisanu lotsatira inali nthawi ya Mayi Sikelo. Pepala linalipo kale, labwino kwambiri, la anthu a kudziko lina amene anayeza mmene dothi la pachulu limasungira chinyezi. Analinyamula, analiika mufoda, analichotsa, analiikanso. Pomaliza analitsekera m'kabati pamodzi ndi bokosi la makhadi, n'kukaika foda ya mapepala anayi okha m'kabokosi ka gulu la nthaka. Chiyambire ntchito anali asanamanepo munthu chinthu chimene akudziwa kuti akuchidikira.

Lolemba msonkhano wa gululo unatha msanga. Masana Mayi Sikelo anangopezeka ataima patsogolo pa tebulo, atavala jasi yoyera ya mu labotale.

"Pepani bambo, kodi mufoda muja simunagwe pepala?"

"Silinagwe, mayi. Sindinaike."

"Oo. Chabwino." Anatembenuka kuti azipita.

"Taimani kaye." A Laibulale anatulutsa khadi lija n'kulipereka, kuseri kuli pamwamba.

Mayi Sikelo anawerenga kuyambira deti loyamba mpaka lomaliza. Anawerenga nthawi yaitali kuposa mmene khadi limafunira. Atadzutsa nkhope, maso anali ofiira.

"Ndiye kuti mwakhala mukundizonda?"

"Eya, ndipo pepani. Koma lero ndikufuna ndichite chimene ndinayenera kuchita kalekale. Ndikufunseni. Chiswechi mumachifunadi, kapena mumangodabwa nacho?"

Mayiyo anakhala pampando wa owerenga, chinthu chimene anali asanachitepo. Anafotokoza motsitsa mawu kuti m'munda wa malemu bambo awo munali chulu chachikulu. Chaka chimene mvula inadula, mbewu zonse zinapserera kupatula zozungulira chulucho. Bambo awo, amene sanapite patali ndi sukulu, anawagwira dzanja n'kuwaimika pamenepo, nati, iwe ukaphunzira udzandiuze chifukwa chake. Anaphunziradi. Bambowo anamwalira asanauzidwe kanthu.

"Nenani zimenezo Lolemba likubwerali," anatero a Laibulale.

"Kwa a Pulofesa? Munthu amene anandilemba ntchito ena atandikana? Amene anandiphunzitsa kugwira sikelo? Ndiimirire pamaso pa anthu n'kunena kuti feteleza wawo wanditopetsa?"

"Simunena kuti wakutopetsani. Munena kuti muli ndi funso."

"Kwa inu n'zosavuta, bambo. Mukupita kukapuma."

"Zoona. N'chifukwa chake ndikukuuzani. Pepala lanu lili m'kabati muno, ndipo ndi labwino kuposa onse amene ndinakupatsanipo. Mufoda sililowa. Mukalifuna, mulowa nalo nokha m'chipinda chija."

Mayi Sikelo anaika khadi patebulo mosamala, ngati mmene ankaikira timbale ta dothi, n'kutuluka osatsanzika.

Sabata imeneyo inali yowawa kuposa masabata onse a moyo wa a Laibulale pantchito. Lachiwiri mayiyo anadutsa pakhomo osaima. Lachitatu anazungulira njira ya kuseri kwa nyumba. A Laibulale ankalongedza katundu wawo m'makatoni, akudzitukwana chamumtima kuti nkhalamba yopusa iwe, munthu anali ndi mphindi khumi zake, wamulanda n'zomwezo. Kawiri konse anatsegula kabati kuti akaponye pepalalo mwakachetechete m'kabokosi. Kawiri konse anakumbukira ambulera yobiriwira n'kutseka.

Lolemba lomaliza, kutatsala mphindi zisanu kuti msonkhano uyambe, anamva nsapato zikuima pakhomo. Mayi Sikelo sanapereke moni. Anangotambasula dzanja. A Laibulale anaikamo pepala lija.

Khoma la pakati pa laibulale ndi chipinda cha misonkhano linali lopyapyala, koma osati mokwanira. A Laibulale anazimitsa makina a fotokope, anatseka zenera, n'kukokera mpando pafupi ndi shelefu ya kukhomako, akunamizira kusanja magazini. Anamva mipando ikukwekwesedwa. Anamva mawu a Pulofesa akugunda kwa theka la ola. Kenako linabwera funso lija limene ankalidziwa ndi kamvekedwe kake kokha, lotsatiridwa ndi phokoso la fayilo ikutsekedwa. A Laibulale anapeza kuti agwira shelefu ndi manja awiri.

Ndiye kunamveka kamawu kakang'ono. Kanayamba, kanaima, kanayambanso. A Pulofesa anaseka. Koma kamawuko sikanasiye. Kanapitirira pansi pa kusekako mpaka kuseka kunatha kokha, ndipo kanalankhula nthawi yaitali moti tiyi wa a Laibulale anazizira m'kapu. Mawu enieniwo sanawamve ngakhale limodzi. Msonkhano umene unkatha ola limodzi unafika mpaka nthawi ya chakudya chamasana.

Woyamba kulowa anali a Pulofesa, atakankha chitseko ngati akuthamangitsa mbuzi.

"Zaka khumi ndi ziwiri! Munthu ali pamphuno panga penipeni! Inu mumadziwa?"

"Ndimadziwa, bwana."

"Ndiye mumangondiyang'ana ndikuseka ngati chitsiru?" Anapukuta thukuta. "Mayi Sikelo ndawapatsa mapuloti atatu kumapeto kwa munda woyeserera, kumene kuli chulu chija ndinkafuna kugumula. Zaka ziwiri, tione. Feteleza sitisiya ayi. Ndipo anthu ena awiri akuti akufuna mafomu atsopano. Gulu langa lomwe, anthu achilendo okhaokha!"

Anafika pakhomo, anaima, anatseka chitseko n'kubwerera chonyang'ama. Kwa nthawi yoyamba a Laibulale anamva a Pulofesa akunong'ona.

"Akuti aliyense ali ndi khadi. Langa kuseri kuli chiyani?"

"Njuchi, bwana."

A Pulofesa anayang'ana kuchitseko. "Musauze munthu."

"Ine sindiuza munthu. Koma mafomu ali kwa mayi wa makompyuta, chipinda chachitatu kumanzere."

Mayi Sikelo anabwera anthu onse atapita kukadya. Nkhope inali yotopa ngati ya munthu amene watula katundu wolemera pambuyo pa ulendo wautali. Anatenga khadi lawo pamene linali, analitembenuza kutsogolo kukhale pamwamba, n'kulikankhira kwa a Laibulale.

"Fomu ndasintha kale. Koma ndikufuna mulembenso apa. Ndi inki."

A Laibulale anafika kukhutu mwachizolowezi, anagwira pensulo, n'kuisiya. Anatenga cholembera, ndipo pansi pa feteleza analemba kuti chiswe. Anasangalala kwambiri, komanso zinawawawa, chifukwa anaona kuti mayiyu sadzawafunanso, ndiponso kuti zikanatheka kalekale iwo akanangotsegula pakamwa n'kufunsa. Mayi Sikelo anapempha khadilo kuti alisunge, analiika m'thumba la jasi, n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri.

Tsiku limenelo a Laibulale anaweruka dzuwa likadalipo, bokosi la nsapato lili m'khwapa. Anatsika basi pa sitolo ya nsalu, analowa, anazungulira kawiri konse, wogulitsa n'kuyamba kale kutsitsa mpukutu wobiriwira chifukwa ankawadziwa. Anathokoza n'kutuluka chimanjamanja.

Kunyumba anapeza akazi awo akudula kolala ya malaya a kasitomala. Anaima pakati pa balaza, chipewa chili m'manja, ngati mnyamata wobwera kudzafunsira.

"Mayi, ndinadutsa pa sitolo paja. Sindinagule kanthu. Ndimati ndifunse kaye. Inu mumakonda mtundu wanji?"

Sizasi inaima. Mayiwo anawayang'ana kwa nthawi, pakamwa pakufuna kuseka koma maso akuchita zina.

"Wofiira," anatero. "Wofiira kwambiri, woti anthu azitembenuka pamsewu. Khalani pansi ndikuuzeni ndi zina zomwe, zilipo zambiri."